Chala cha Patuma M'kati mwa Mtsuko

Musiyeni Tamanda, ana inu. Chisomo, bweza nsanzayo, usamupukute. Dothilo ndamupatsa ndine, ndipo amayi anu akabwera n'kuyamba kudandaula za mpando wawo wansaluwo, muwauze kuti ndi anganga achita. Mpando umachapika. Dothi lofiira ndi lobiriwira lija anamugulira m'sitolo, lonunkhira ngati sopo, ndalibisa pamwamba pa kabati, ndipo musandiulule. Khalani pansi pakhonde pano, mafoniwo alowe m'matumba, ndikuuzeni za mwana wina amene anatsala pang'ono kuchotsedwa pakhomo pathu chifukwa cha dothi ngati limeneli.

Mwanayo mukumudziwa. Ndi amayi anu aakulu a ku Balaka, a Patuma, aja amabwera kuno ndi mitsuko atayikulunga m'masaka. Lero ndi munthu wa mawu, akaseka agalu a kwa aneba amauwa. Koma ine ndinawadziwa ali kamwana kosakwana zaka zitatu, kamimba patsogolo, kosayankhula, manja onse awiri katawabisa m'khwapa. Choncho mundilole ndizingoti Patuma, poti ndinamusambitsapo.

Ine nthawi imeneyo ndinali mtsikana wa ku sekondale. Musaseke, anganga anu anavalapo yunifolomu, siketi yofika m'munsi mwa mawondo monga lamulo la masiku amenewo linkafunira. M'mudzi mwathu monse, kufupi ndi Ntaja, mtsikana wa ku sekondale ndinali ndekha, ndipo anthu ankayesa kuti kumeneko ndikuphunzira ulemu. Ndinkaphunziradi, koma zina. Ndine ndinathira chitedze pa benchi ya pulifeketi wina amene ankakonda kutilemba mayina, ndipo anavina pamaso pa sukulu yonse popanda ng'oma. Ndine ndinagoneka chule mu nsapato ya amatironi. Anandilimitsa munda wa sukulu mpaka manja kuchita matuza, koma mukandifunsa lero ngati ndikumva chisoni, iyayi. Chuleyo sanavulale.

Amayi anga, Anangondo, anali oumba mbiya. Kuyambira ku Ntaja mpaka ku Ulongwe, mkazi akati mtsuko wake umaziziritsa madzi, anzake ankadziwa kuti ndi wa Anangondo. Inu mukudziwa filiji basi, magetsi akazima mumamwa madzi ofunda ngati odwala. Ife tinkamwa madzi ozizira mpaka mano kuwawa, onunkhira dothi ndi utsi pang'ono. Dzinja likatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, amayi ankapita kudambo kukatapa mtapo, ndilo dothi lenileni loumbira, osati la pachulu. Akabwera nalo ankachotsa timiyala ndi timizu, kusinja mapale akale mumtondo n'kusakaniza, kenako kuliponda ndi kulifunditsa masamba a nthochi kuseri kwa khitchini kuti ligone. Poumba ankakhala pansi, phale lili pakati pa miyendo, kupota dothi ngati njoka n'kumasanjika, dzanja lina m'kati lina kunja. Chitsononkho chinali chosalazira kunja, chikombe chopalira m'kati, ndipo kamwala ka mumtsinje kanali kokulungizira mpaka mbiya kunyezimira. Kamwalako ankakasunga kumpindiro kwa chitenje kuposa mmene inu musungira mafoniwo.

Ntchito imeneyi inali ndi malamulo ake. Mwamuna asalumphe mtapo. Mayi woyembekezera asasuzumire m'kanyumba koumitsira mbiya. Mchere usayandikire. Mwana asakhudze. Ena mwa malamulowa ndinadzawamvetsa nditakula, ena sindikuwamvetsa mpaka lero, koma amayi sankafotokoza. Ankangoti, mbiya imamva.

Tsono Patuma anali mwana wa achemwali anga a Felesiya. Bambo ake, Che Wadi, Myao waulemu wake, anali ku migodi ya ku Joni. Mwanayo anabadwa bwinobwino, koma atayamba kugwira zinthu, anthu anaona kuti chilichonse akulandira ndi dzanja lamanzere. Chakudya, manzere. Moni, manzere. Masiku ano mwana wamanzere mumangomugulira cholembera n'kumusiya. Kale chinali chinthu chochititsa manyazi, makamaka kuchimuna kwake, kumene dzanja lodyera ndi dzanja la kuchimbudzi sizisokonezedwa. Anayamba ndi kumumenya pang'ono pakadzanjako. Zitakanika, anakamanga ndi kansalu, zala zonse m'kati, ngati chibakera, kuyambira m'mawa mpaka pogona.

Ndiye kunachitika tsoka. Ine ndili kusukulu, m'nyengo yozizira, kansalu kaja kanamasuka, Patuma anazemba n'kukafika kuseri kwa khitchini. Amayi anamupeza akumenya mtapo wawo ndi dzanja lomwelo lamanzere, akuseka. Mbiya za dothi limenelo atazitentha, zambiri zinaphulika pamoto. Ine pomva nkhaniyi ndinafunsa ngati sikunali chiperoni masiku amenewo, poti mbiya yosauma bwino imaphulika ngakhale ataumba mngelo. Amayi anandiyang'ana n'kundifunsa ngati kusekondaleko amaphunzitsanso kuumba.

Che Wadi anali ndi mlongo wawo ku Balaka, Abiti Saidi, mayi waukhondo, wa mpango woyera, amene chaka chilichonse ankabwera kudzatenga mbiya za amayi kukagulitsa pafupi ndi siteshoni ya sitima. Analibe mwana. Atamva za mbiya zophulika, anapempha kuti ulendo wotsatira, pobwera kudzatenga mbiya, adzatengenso Patuma, akamulere ndi kumuwongola dzanja. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo Abiti Saidi akanakanizidwa mosavuta. Koma mawu omaliza pakhomo pathu anali a amayi, amalume ankangogwedeza mutu, ndipo amayi anali ndi mantha. Mbiya ndizo zinkatidyetsa, ndizo zinkandisunga ine kusukulu. Anavomera. Achemwali anga sanatsutse. Ankangopita kumtsinje kukachapa zovala zochapa kale, n'kubwerako maso ali ofiira.

Umu ndi mmene ndinapezera zinthu nditabwera ku holide yaikulu ya chilimwe. Patuma anali atasiya kuyankhula. Dzanja lomangidwalo ankalibisa m'khwapa, ndipo linzakelo analibisanso, ngati waganiza kuti manja onse ndi olakwa. Kudya, mpaka wina amudyetse.

Masiku amenewo amayi onse a m'mudzi ankaitanidwa ku Ntaja kukayeserera magule a chipani. Sikunali kukana. Anyamata a malaya ofiira ankayenda khomo ndi khomo, ndipo amayi anga ankasiya mphika uli pakati n'kumanga chitenje cha chipani akung'ung'udza chamumtima. Ine ndinayenera kupita nawo, koma ndinadzimanga nsanza pabondo n'kumatsimphina mochititsa chifundo, moti mnyamata wina wa malaya ofiira anandipepesa. Choncho ndinkatsala pakhomo, ndipo anandisiyira ana awiri: Patuma, ndi Yusufu, mwana wa aneba athu, msinkhu womwewo, kamnyamata kolira ngati kalipidwa.

Musaganize kuti anganga anu anali ndi mtima wa sisitere. Ndinali ndi buku la nkhani zachikondi limene ndinabwereka kwa mnzanga, ndipo ndinkafuna kuliwerenga mwamtendere pansi pa mtengo wa mango. Yusufu sankandilola. Ndinamupatsa chinangwa, anataya. Ndinamuimbira, analira kwambiri. Pamapeto pake ndinapita kuseri kwa khitchini, kuvundukula masamba a nthochi aja, n'kubudula mtapo wa amayi waukulu ngati papaya. Pamalopo ndinasalaza bwinobwino kuti pasaoneke. Ndinamuikira Yusufu pa lichero lakutha, ndipo kulira kunatha ngati wazimitsa wailesi.

Choyamba anadya. Ana onse amayamba ndi kudya, Tamandanso mwamuona. Musachite mantha, amalavula okha, dothi silikoma kawiri. Kenako anayamba kulimenya ndi chikhatho, kuboola ndi chala, kulikoka mpaka kuduka, n'kudabwa kuti zidutswa ziwiri zikubwereranso kukhala chimodzi. Ine ndinawerenga masamba ambiri tsiku limenelo.

Patuma ankangoyang'ana. Tsiku loyamba anakhala patali. Tsiku lina anasendera. Kenako ndinaona katulutsa dzanja lamanja n'kukhudza dothi ndi chala chimodzi, maso ali kwa ine, kudikira kumenyedwa. Ine ndinayang'ana m'buku. Anayesa kulikanikiza, koma ndi dzanja limodzi dothi limathawa, linkangotsetsereka palichero. Anayamba kuligwira ndi chibakera chomangidwa chija, kansalu n'kuyamba kuda. Apo ndinaona kuti kansaluko kandiulula madzulo. Ndinakamasula n'kukapachika panthambi.

Zala zake zinali zotuwa, zokwinyika ngati za munthu amene wakhalitsa m'madzi. Sanazitambasule. Anabisa dzanjalo kumbuyo.

Ndiye ndinaika buku pansi. Ndinatenga dothi, ndinabisa dzanja langa lamanja kumbuyo monga iye, n'kuyamba kuumba ndi lamanzere lokha, lilime lili panja, ndikubuula ngati ndikunyamula thumba la chimanga. Ndinati ndikuumba mphika. Chimene chinatuluka chinali ngati ndowe ya ng'ombe. Yusufu anagwa chagada ndi kuseka. Ndinayesanso, chinaipa kuposa poyamba. Patuma anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itakwinyika ngati ya amayi anga. Kenako anandilanda dothilo ndi manja onse awiri, analowetsa chala chachikulu chamanzere pakati, n'kuyamba kutembenuza.

"Iyayi," anatero. "Chonchi."

Amenewo anali mawu ake oyamba kuwamva ine chibwerereni. Mwana ameneyu, mwezi ndi mwezi, ankakhala patali n'kumaonerera agogo ake akuumba, ndipo zonse zinali zitalowa.

Kuyambira pamenepo, amayi akangopotoloka pa njira ya ku Ntaja, sukulu yathu inkatsegulidwa. Ndikuuzeni zimene ndinaphunzira, poti mawa mudzakhala ndi ana anu. Mwana wamng'ono usamuumbire, ukamuumbira chokongola amasiya chake n'kumangofuna chako. Usamufunse kuti ndi chiyani, adzakuuza yekha, ndipo chimene m'mawa chinali ng'ombe masana chikhoza kukhala agogo. Dothi likhale lofewa ngati phala lolimba, madzi akhale pang'ono m'chigoba, chifukwa ukawapatsa ambiri amasiya kuumba n'kuyamba kusamba. Tinkadinda masamba a chinangwa, chitsononkho, chipeso changa, chitsekerero cha botolo. Tinkapota njoka zazitali mpaka ziduke. Zimene aumba sitinkasunga. Dzuwa likapendeka tinkaziphwanya limodzi, kubweza dothi pansi pa masamba a nthochi, kusamba, ine n'kutokosa zikhadabo zawo ndi kamtengo, kenako kumanganso kansalu. Patuma ankapereka yekha dzanjalo kuti ndimange. Chimenecho ndicho chinkandiwawa.

Tsiku lina Yusufu anatsala pang'ono kutiphetsa. Anaumba chinthu chokhala ndi mlomo, nati ndi tambala. Kenako, monga anaonera bambo ake akuchita, anachigwira n'kuchipotokola khosi, akufuula mokondwa kuti wapha tambala. Inu simungamve. Masiku amenewo tambala sanali nkhuku wamba, anali pa chitenje, pa khadi, pa mbendera ya chipani, ndipo anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ndinaponda dothilo ndi phazi, bondo lodwala lija nditaliiwala, n'kumuuza kuti inali bakha. Anakana m'Chiyao chakwawo, nati ngwamba, ndi tambala. Ndinamutseka pakamwa ndi chinangwa. Kuyambira tsiku limenelo ku sukulu yathu kunkaloledwa njoka, ng'ombe ndi miphika basi.

Masiku ankapita, ndipo m'kanyumba koumitsira mbiya zinkachuluka. Mbiya iliyonse yatsopano inali kuyandikitsa tsiku la Abiti Saidi. Kukambirana ndi amayi sikukanathandiza, ndinali nditayesa kale. Ndiye maganizo aja amene anandipatsa chule ndi chitedze anabweranso.

Mtsuko ukaumbidwa, umakhala kanthawi usanalimbe, ukakanikiza umalola. Ndipo pansi pa khosi, m'kati, pali malo amene diso silifika, ndipo woumba akamaliza kupala sabwererakonso. Ndinamunyamula Patuma n'kulowa naye m'kanyumba koletsedwa kaja. Anauma thupi lonse ndi mantha. Ndinamunong'oneza kuti tikungopereka moni kwa mitsuko ya agogo. Ndinalowetsa kadzanja kake kamanzere pakamwa pa mtsuko, kupinda m'kati, n'kumuuza kuti adinde. Anadinda ndi chala chachikulu, kabowo kakang'ono ngati ka njere ya nzama. Tinapita pa wina. Miphika, nkhali, mitsuko, ngakhale mkhate waukulu wosambira umene amayi ankanyadira, tinapeza pobisika pansi pa mlomo wake. Ndipo amayi akaumba zina, ife tinkadikira tsiku la magule n'kukazipatsanso moni. Panalibe imodzi imene inatsala.

Pa tsiku lotentha mbiya ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Amayi anasankha madzulo opanda mphepo. Anayamba kuziwamba ndi makala m'kati, kenako kuzisanja chozondotsa pabwalo la kuseri, kuzifunditsa makungwa ouma, nkhuni ndi udzu. Patuma anamutsekera m'nyumba ndi amayi ake kuti ngakhale diso lake lisafike. Moto utayaka, ine ndinayamba kudzifunsa. Nanga amayi atakhala kuti akunena zoona? Ine ndinali ndi sayansi ya Fomu 2, iwo anali ndi zaka zonse za moyo wawo. Zikaphulika zonse, mwana apita, chakudya cha chaka chapita, sukulu yanga yapita, ndipo wochititsa ndine.

Ndiye pamoto panamveka phuu! Amayi sanagwedezeke. Patapita kanthawi, kenanso phuu! Ine ndinayamba kupemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, mpaka ena a kwa Yusufu. Koma sikunamvekenso kanthu, moto wokha kulilima mpaka kugwa.

Amayi anayamba kuzivuula ndi mitengo italiitali, zili zofiira, n'kumaziwaza madzi a makungwa ndi kanthambi, zikuchita tsss, mawanga akuda akutuluka. Zinasweka ziwiri zokha, mphika ndi mtsuko umodzi, zimene woumba aliyense amayembekezera. Anandituma kuti ndikokere mapale pambali. Ndikukoka, ndinaona phale la khosi la mtsuko lagona chagada, kabowo ka Patuma kali poyera ngati diso. Amayi anali akubwera kumene ndinali. Nthawi yoliponya inalibe. Ndinalikhalira.

Chisomo, tseka pakamwa, ntchentche zilowa. Inde, linali lotentha. Ndinakhala pamenepo ndikumwetulira, misozi ikutsika, amayi n'kundifunsa chimene ndikulirira. Ndinati utsi. Atatembenuka ndinalikwirira m'phulusa, ndipo m'mawa mwake linakalowa m'chimbudzi pamodzi ndi la mphika lija. Chipsera chilipo mpaka lero, koma sindikuonetsani.

Abiti Saidi anafika ndi basi ya ku Liwonde, atanyamula kadiresi katsopano ka Patuma ndi tinsapato tapulasitiki. Anawayalira mphasa pakhonde. Mbiya zinali zitandandalikidwa pabwalo, amayi akuzigogoda imodziimodzi ndi chala, iliyonse ikulira ngwee ngati belu. Mlendo anayamikira. Amayi anati ulendo uno anasamala, mwana sanayandikire dothi, ndipo zotsatira zake ndi zimenezi. Anati sakumuda mdzukulu wawo, koma pakhomo la woumba sangakhale. Achemwali anga anali atakhala pakona, kamtolo ka zovala za mwana kali pamiyendo, Patuma atawakangamira m'chiuno.

Ndinabwera ndi madzi akumwa, ndinagwada movutikira, n'kupereka. Kenako sindinadzuke.

"Amayi, pisani dzanja mumtsukomo. Pansi pa khosi."

Anandiuza kuti akulu akamayankhula ana amachoka. Ndinabwereza. Mwina anaona china pankhope panga, chifukwa anakoka mtsuko umene unali pafupi n'kupisa. Ndinaona dzanja likuzungulira, kenako linaima. Anakoka wina. Anadzuka, anapita pa nkhali, pa miphika, pa mkhate wawo uja. Atafika kumapeto kwa mzere anatembenuka.

"Chala cha ndani?"

"Cha Patuma."

"Dzanja liti?"

"Lomwelo."

Anafunsa za ziwiri zosweka zija. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti zimenezo zokha ndi zimene tinaziiwala. Ee, ndinanama, ndipo bwenzi lero nditanamanso.

Amayi anatola chikuni. Ine bondo lodwala lija linachira pomwepo, ndinathamanga kuzungulira nkhokwe, iwo pambuyo, akunditchula mayina amene sindingawabwereze pamaso pa Tamanda. Abiti Saidi anayesa kuleretsa, mpango ukugwa, kenako anangokhala pansi n'kuyamba kuseka mpaka kupukuta misozi. Amayi atatopa anataya chikuni, anakhala pa mtondo akupuma mwamphamvu. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbiya zawo.

Kenako anaitana Patuma. Mwanayo anapita, manja m'khwapa. Amayi anatulutsa kadzanja komangidwa kaja, anamasula mfundo ndi mano, n'kuponya kansaluko pa phulusa. Anatembenuza kachikhathoko uku ndi uku ngati akuyesa dothi.

"Abiti, pepani, mwayenda ulendo wautali," anatero. "Mtapo wamulandira mwanayu. Amene mtapo wamulandira sachoka pakhomo."

Onani mmene analili amayi anga. Sananene kuti lamulo linali lolakwa. Anangopeza lamulo lina lalikulu kuposa loyambalo, ndipo ndikukhulupirira kuti analiumba pomwepo, atakhala pa mtondo.

Abiti Saidi anasiya kuseka. Anayang'ana kadiresi kaja, anakasalaza pabondo, ndipo ine kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti mayiyu sanabwerere dzanja, anabwerera mwana. Anapempha chinthu chimodzi: kuti pa mbale ndi popereka moni, mwana wa mchimwene wawo azigwiritsa dzanja lamanja. Amayi anavomera, nati kudya ndi kwa kuchimuna, dothi ndi la kuchikazi. Mpaka lero mukawaonetsetsa amayi anu aakulu, amadya ndi lamanja, koma kuumba, kusenda, ndi kukutsinani makutu, ndi lamanzere. Kadiresi kaja anamuveka tsiku lomwelo, ndipo dzuwa lisanalowe kanali katadetsedwa ndi dothi.

Madzulo ake amayi anandiitanira kuseri, anandiuza kuti ndigone chafufumimba, n'kundipaka mankhwala pa bala lija. Sanandifunse kuti munthu amapsa bwanji pamalo oterowo. Ine sindinawauze. Tinakhala zaka zambiri pambuyo pake, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, nkhani ya phale lija sinatuluke pakamwa pa aliyense.

Holide yotsatira ndinapeza zinthu zitasintha. Amayi akakhala pansi kuumba, pambali pawo pankakhala lichero lakutha ndi kadothi kake, Patuma ndi Yusufu ali pomwepo, ndi tiana tina ta m'mudzi timene amayi awo ankatisiya popita kumunda. Amayi sankawaphunzitsa ndi pakamwa. Ankangoumba, ana n'kumaonera, wina akudya dothi, wina akulipaka m'mutu. Zimene zaumbika bwino ankaziika m'mphepete mwa moto potentha mbiya, ndipo mwana ankanyamula kamphika kake kopotoka kupita nako kwawo ngati wapha njovu. Yusufu sanakhale woumba, anadzakhala telala ku Ulongwe, ndipo tikakumana ndimamufunsabe za bakha. Amayankha kuti anali tambala.

Patuma ku Balaka anapitabe, koma ndi miyendo yake, atakula, atakwatiwa. Anamanga pafupi ndi Abiti Saidi, ndipo ndi iye anawasamala mu ukalamba wawo mpaka kuwatseka maso. Kamwala kokulungizira ka amayi kali ndi iye. Ine dothi silinandilandire, ndinakhala mphunzitsi, ndipo mwana aliyense wamanzere amene analowa m'kalasi mwanga ankakhala kumapeto kwa benchi kuti chigongono chake chipeze malo.

Taonani Tamanda. Mwaona dzanja limene akubayira dothilo? Ine ndinaliona kalekale, tsiku limene analandira nthochi. Wina ndidzamumve akumuuza kuti asinthe.

Tsopano Chisomo, pita pakona apo pali mtsuko umene anabweretsa amayi ako aakulu. Madzi atsala pang'ono, thira m'ndowa. Pisa dzanja, pinda pansi pa khosi, zungulira pang'onopang'ono. Wapapeza? Mpaka lero amadinda mtsuko uliwonse umene waumba. Chala chakula, koma ndi chomwecho. Mubweretse Tamanda naye apise. Iyayi, usamusambitse, apise choncho.